Mmene mungaunikire ntchito ya zaumoyo m'dera lanu popanda kudzinamiza

Funso ili landipeza malo ambiri: pamaliro ku Chilomoni, m'minibasi yopita ku Lunzu, ngakhale pakhomo la tchalitchi mapemphero atangotha. Ofunsawo ndi anthu akhama, a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, amayi a m'makeya gulupu (magulu ophunzitsana za thanzi la mayi ndi mwana), achinyamata a m'makalabu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Amati, "Takhala tikugwira ntchito imeneyi zaka ziwiri, nanga tidziwa bwanji ngati ikuthandizadi anthu?" Ndayankha pakamwa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndikafika kunyumba ndimakumbukira china chimene ndasiya. Lero ndalemba zonse pamodzi.

Ndiyambe ndi chimene chimasokoneza ambiri. Lipoti la ntchito ndi lina, kuunika ntchito ndi kwina. Lipoti limanena zimene inu munachita: misonkhano ingati, maneti angati, mabanja angati amene analandira mankhwala a klorini. Kuunika kumafunsa chimene chasintha pakhomo pa munthu inu mutachoka. Kuno ku Blantyre kusiyana kumeneku tinakuona ndi misozi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Uthenga wa ukhondo unali utalalikidwa kwa zaka zambiri, pawayilesi, pasikelo ndi pamisonkhano ya mafumu. Koma m'nyumba zambiri zimene ndinalowa nthawi imeneyo, munthu amatha kukuuzani bwinobwino mmene kolera amafalira, chonsecho madzi a m'ndowa yake ndi osathira mankhwala.

1. Lembani m'chiganizo chimodzi chimene ntchito yanu inalonjeza kusintha

Khalani pansi anthu ochepa a komiti, mumalizitse chiganizo ichi: "Ntchito yathu ikayenda bwino, m'dera muno tiona..." Wina akanena kuti "anthu azindikira za ukhondo", mubwezeni mwaulemu, chifukwa kuzindikira sikuoneka ndi maso. Pakufunika chinthu choti ngakhale mlendo atha kuchiona kapena kuchiwerenga: mwana wa chaka chimodzi amene buku lake la kuchipatala likusonyeza akatemera onse a msinkhu wake, mayi woyembekezera amene anayamba sikelo mimba isanathe miyezi itatu, ndowa ya madzi akumwa yovundikira bwino yokhala ndi kafungo ka klorini.

Sankhani zinthu zitatu basi. Makomiti ambiri amafuna kuunika malungo, kulera, Edzi, zimbudzi ndi kadyedwe ka ana pa ulendo umodzi, mapeto ake mapepala amadzaza katoni ndipo palibe wowawerenga. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zina mudzaziona ulendo wina.

2. Lowerani pakhomo, osati pawindo

Musanapange odi pakhomo la munthu aliyense, kaonaneni ndi mkulu wa chipatala chaching'ono cha dera lanu, amene ambiri timangoti inchaji, kaya ndi ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe, South Lunzu, Chileka kapena Mpemba. Iye akulumikizani ndi HSA wa dera lanu. HSA ndi mlangizi wa zaumoyo wolembedwa ndi boma, yemwe uja amayeza ana pasikelo, amabaya katemera ndi kuyendera zitsime. Kumudzi ambiri amangomutcha adokotala. Cholinga cha boma n'choti HSA mmodzi azisamalira anthu 1,000, koma ambiri akusamalira oposa pamenepo, choncho nthawi yake ilemekezeni. Mufunseni tsiku limene iye angathe, osangomugwera Lolemba m'mawa mzere uli panja.

Kenako dziwitsani komiti ya chipatala, imene m'mapepala amailemba kuti HCMC. Ntchito yake ndi kukhala mlatho pakati pa anthu ndi chipatala, ndipo ndi imene idzanyamule zimene mwapeza. Kumidzi pitani kwa amfumu, m'tauni kwa mabuloko lida ndi khansala. Nkhani ya alawansi ineneni tsiku loyamba lomwelo. Ngati palibe, nenani kuti palibe. Ndaonapo ntchito yabwino ikufera panjira chifukwa anthu anayenda masiku atatu akuyembekezera kangachepe kamene palibe anawalonjeza.

Chenjezo lalikulu lili apa. Kaundula wa chipatala ndi chinsinsi cha odwala. Inu mukufuna chiwerengero, mayina ayi. Musajambule tsamba la kaundula pafoni, ndipo musatumize chilichonse chotere pa WhatsApp ngakhale pagulu la komiti lomwe. Ngati mukufuna kuchita kafukufuku weniweni woti adzasindikizidwe, kapena wotenga magazi a anthu, imeneyo ndi nkhani ina: pamafunika kalata ya DHO, ofesi yoyang'anira zaumoyo m'boma lanu, ndi chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences.

3. Dziwani kaye kuti anthu oyenera kufikiridwa alipo angati

"Tinagawa maneti 400" sikutiuza kanthu mpaka titadziwa kuti malo ogona m'deramo ndi angati. Ngati ndi 450, mwagwira ntchito. Ngati ndi 1,500, mwangoyamba kumene. Chiwerengero cha pansichi, cha onse oyenera kulandira, ndi chimene malipoti ambiri amachidumpha.

Ku Blantyre chimavuta kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda ndi ena pafupifupi 450,000 kumidzi ya bomali, ndipo ziwerengero zimene zimapachikidwa pakhoma la chipatala n'zongoyerekeza kuchokera pa kalembera ameneyo. Chichokereni nthawi imeneyo anthu asuntha kwambiri. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, mabanja n'kumwazikana. A nyumba za lendi ku Ndirande, Mbayani ndi Bangwe amasamuka mwezi ukatha ngati ndalama yavuta. Komanso munthu wa mutauni sapita kuchipatala chimene mapu amanena kuti ndi chake. Mayi wogulitsa mumsika wa Limbe amakabayitsa mwana pafupi ndi geni yake ngakhale akugona ku Machinjiri. N'chifukwa chake chipatala china chimatha kuoneka kuti chabaya ana oposa 100 pa 100 alionse, pamene chinzake chikuoneka cholephera, chonsecho onse akugwira ntchito mofanana.

Choncho tengani kadera kakang'ono kamene mungathe kukayenda ndi miyendo, mudzi umodzi kapena mabuloko awiri. Khalani ndi HSA, mutsegule kaundula wake wa m'mudzi, muone kuti anawerenga liti komaliza. Ngati papita chaka, werenganinso khomo ndi khomo: mabanja angati, ana osakwana chaka angati, osakwana zaka zisanu angati, amayi oyembekezera angati. A lendi okhala kuseri kwa nyumba yaikulu musawaiwale, pakuti ndi amene amaphonyedwa kawirikawiri.

4. Werengani makaundula, koma muziwafunsa mafunso

Pemphani HSA kapena kalaliki wa ziwerengero kuti akuwerengereni manambala a miyezi 12 yapitayi pa zinthu zitatu munasankha zija. Manambala omwewa ndi amene amalowa mu kompyuta ya Unduna wa Zaumoyo yotchedwa DHIS2, ndiye mukapeza kuti a m'kaundula akusiyana ndi a m'lipoti la pamwezi, chimenecho n'chopeza chanu choyamba.

Nambala imene ine ndimaikonda ndi ya osiyira panjira. Mwana amayenera kulandira katemera wa Penta, woteteza ku matenda asanu, katatu, pa masabata 6, 10 ndi 14, kenako wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Tiyerekeze kuti ana 200 analandira Penta woyamba, koma wachitatu analandira ana 170. Ana 30 asowa. Gawani 30 ndi 200, mupeza 15 pa 100 alionse. A zaumoyo amati osiyira panjira akapitirira 10 pa 100 alionse ndiye kuti pali vuto. Ubwino wa nambala imeneyi ndi woti siidalira kalembera, ndipo ikukamba za amayi amene anabwera kale kamodzi. Njira ya kuchipatala amaidziwa. China chake chinawabweza. Masamu omwewa achiteninso pa sikelo ya amayi oyembekezera, amene masiku ano amalangizidwa kuonedwa ka 8, komanso pa odwala TB, amene mankhwala awo ndi a miyezi 6.

Pali misampha itatu imene anthu amagweramo. Woyamba ndi nyengo. Malungo ndi kutsegula m'mimba zimachuluka dzinja, ndipo kunyentchera kwa ana kumakula mu Januwale ndi Febuluwale chakudya chikatha m'nyumba. Mukayerekeza Febuluwale ndi Julayi mudzadzitama pachabe. Yerekezani Febuluwale wa chaka chino ndi Febuluwale wa chaka chatha.

Wachiwiri ndi kutha kwa mankhwala. Odwala malungo akatsika mwadzidzidzi m'kaundula, musayambe kuomba m'manja. Funsani kufamase ngati mankhwala a malungo a LA ndi tizipangizo toyezera malungo zinalipo mwezi umenewo. Mbiri yoti kuchipatala kulibe mankhwala imayenda msanga, anthu amangopita kugolosale kukagula panado, kaundula n'kukhala woyera matenda ali m'mudzi. N'chimodzimodzinso nambala ikakwera: odwala TB akachuluka mutayamba kutolera makhololo m'mudzi, ndiye kuti mwapeza amene amatsokomola mobisala, ndipo ntchito yanu ikuyenda.

Wachitatu ndi kukolola m'munda mwa eni. Mu 2018 akatswiri anayesa katemera wa tayifodi pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa. Theka la anawo analandira katemerayo, theka lina analandira katemera wa matenda ena, n'kuwatsatira onse kwa zaka kuti aone kusiyana. Anachita zimenezi chifukwa popanda woyerekeza naye simungadziwe chimene chathandiza. Katemerayo anafika dziko lonse mu Meyi 2023. Ndiye ngati tayifodi wachepa kwanuko chaka chimenecho chitadutsa, musathamangire kunena kuti ndi kalabu yanu yosamba m'manja. Inu simungachite kafukufuku wamkulu chotero, koma mutha kufunsa kuti: china chimene chasintha kuno n'chiyani? Kodi abwera ndi kiyosiki ya madzi yatsopano, mjigo wakonzedwa, boma lagawa maneti? Nanga mudzi woyandikana nawo, kumene inu simugwirako ntchito, manambala akuyenda bwanji?

5. Pitani kwa amene anasowa

Apa ndi pamene ambiri amathawa, ndipo ndi pamene pali mtima wa ntchito yonseyi. Kaundula amakuuzani za anthu amene anabwera. Msonkhano wa pabwalo umakuuzani maganizo a anthu okonda misonkhano. Amene ntchito yanu yawalephera sapezeka malo awiri onsewa. Muyenera kuwatsata kwawo.

Maulendo ake ndi amitundu iwiri. Woyamba ndi wa nyumba zosankhidwa mwamwayi, kuti muone chithunzi cha dera lonse. Musalole kuti wina akusankhireni nyumba. Ine ndinalakwitsapo zimenezi ndili woyamba kumene: ndinatumiza uthenga kwa amfumu kutatsala masiku atatu, ndipo wodzipereka wa pulogalamuyo ndi amene ananditsogolera. Pakhomo paliponse panali posesa bwino, mipondagiya yosambira m'manja yodzaza madzi, sopo watsopano ali pachingwe. Ndinalemba kuti zonse zili bwino, ndipo miyezi ingapo inatayika tisanazindikire kuti mabanja a kumapeto kwa mudzi, kutsidya kwa khwawa, anali asanafikiridwepo n'kamodzi komwe. Amfumu adziwe kuti mudzabwera mwezi umenewo, koma tsiku ndi nyumba zikhale zanu. Imani pakati pa dera, zunguzani botolo pansi, tsatirani kumene laloza, muzilowa nyumba yachitatu kapena yachisanu iliyonse mpaka kumalire. Pali njira ina yotchedwa LQAS imene a zaumoyo amagwiritsa ntchito, yotenga nyumba 19 m'chigawo chilichonse. Nyumba 19 sizikupatsani chiwerengero chenicheni, koma zimakwanira kusonyeza ngati chigawo chatsalira kwambiri.

Musavale tisheti ya pulogalamu, musanyamule mphatso. Mutauni pewani m'mawa wa pakati pa sabata, chifukwa mupeza agogo ndi ana okhaokha, eni ake ali kugeni kapena kuganyu. Loweruka masana ndiye bwino. Mukafika pangani odi, khalani pamene akupatsani, perekani moni mokwanira, fotokozani kuti ndinu ndani komanso kuti ali ndi ufulu wokana osataya thandizo lililonse.

Kenako gwiritsani ntchito maso kuposa pakamwa. Mukafunsa kuti "Kodi mumagona m'neti?" aliyense ati inde, chifukwa yankho loyenera amalidziwa ndipo safuna kukhumudwitsa mlendo. M'malo mwake nenani kuti, "Mayi, mungandionetseko pamene mwana anagona usiku wathawu?" Muona nokha ngati neti yapachikidwa, yang'ambika, kapena idakali m'pepala lake pansi pa matiresi. Mpondagiya, kachigubu kaja kopendeketsa ndi phazi posamba m'manja pochokera kuchimbudzi, musangoulemba kuti ulipo. Yang'anani pansi pake. Wogwiritsidwa ntchito pansi pamakhala ponyowa, ndipo kanjira kopita pamenepo kamakhala kopondeka. Wa chionetsero chigubu chimakhala chouma, chingwe chili ndi utatavu wa kangaude. Pemphani madzi akumwa, muone kapu imene akutungira, ngati ndi yomweyo imene akumwera, ndipo anunkhizeni. Pemphani buku la kuchipatala la mwana, muwerenge masiku a katemera ndi mzere wa sikelo. Kwa mayi amene mwana wake anatsegula m'mimba posachedwa, mufunseni akuonetseni mmene anasungunulira Thanzi ORS: paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi abwino, koma ambiri amathira pang'onopang'ono m'kapu kuti ikhalitse. Funsaninso ngati mapiritsi a zinki, operekedwa limodzi ndi ORS, anamaliza, poti mwana akangosiya kutsegula ambiri amasiyira pomwepo.

Ulendo wachiwiri ndi wa osiyira panjira aja, amene kuchipatala amawatcha ma defaulter. Uwu muyende ndi HSA, chifukwa ndi iye amene ali ndi chilolezo chodziwa mayina. Ndipo pa nkhani ya ma ARV ndi TB, inu a komiti musapite n'komwe. Asiyireni a zaumoyo ndi anzawo ophunzitsidwa ntchito imeneyo. Kungoima kwanu pakhomo kutha kuulula chinsinsi cha munthu kwa mwamuna wake, apongozi kapena a landilodi, ndipo pepani sapoletsa chilonda.

Mawu oti "chifukwa chiyani simunabwere" musawatchule. Amamveka ngati mlandu, ndipo yankho lake limakhala limodzi: "Ndinatanganidwa." Tsiku lina ndinakhala pakhonde ndi mayi wina m'dera la m'mbali mwa phiri, mwana wake wa miyezi isanu ali kumsana, Penta wachitatu asanalandire. Tinayamba ndi za mvula ndi mtengo wa makala amene amagulitsa. Kenako ndinati, "Mayi, tandifotokozerani za tsiku lomaliza limene munapita kusikelo, kuyambira pamene munadzuka." Anakhala chete kanthawi akukonza nsalu ya mwana. Ndiye anati, "Achimwene, ndinadzuka 4 koloko. Buku la mwana linanyowa ndi mvula, masamba anamatana. Nditafika pamzere anandikalipira pamaso pa anzanga onse kuti ndine mayi wosasamala. Ndinabwerako dzuwa lili pamutu, makala osagulitsa, ana osadya. Ndikuopa kupitanso ndi buku lomwelo." Anakalitenga m'nyumba, analisunga m'jumbo. Katemera samamukana, tsiku amalidziwa. Chimene chinam'bweza ndi manyazi ndi tsiku la geni lotayika, ndipo msonkhano wina wophunzitsa ubwino wa katemera sukanasintha kanthu pakhomo pamenepo.

Mukayenda nyumba khumi zotere mumva zifukwa zosiyanasiyana. Wina mwana anabayitsa kale kuchipatala china, buku likusonyeza, kungoti kaundula wa kuno sakudziwa. Ameneyo si wosowa, konzani kaundula. Wina anasamuka. Wina ndalama ya kabaza inasowa. Wina bambo a m'nyumba kapena mpingo unaletsa. Wina neti anaichotsa chifukwa amakhulupirira kuti imabweretsa nsikidzi, wina chipinda n'chimodzi ndipo ana amagona pamphasa pabalaza pomwe palibe pomangirira. Lembani mawu awo mmene awanenera, popanda dzina. Madzulo muunjike zifukwazo milu itatu: zimene banja lingasinthe, zimene chipatala kapena pulogalamu ingasinthe, ndi zofunika boma kapena khonsolo. Mulu wachiwiri ukakula musadabwe, ndipo musauchepetse polemba.

Chinthu chimodzi chimaposa mafunso anu onse. Mukapeza mwana akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kuyamwa, walefuka, akupuma movutika chifuwa chikulowa m'kati, watupa mapazi onse awiri, kapena tepi yoyezera mkono yafika pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, ikani pepala pansi. Thandizani banjalo kuti mwana afike kuchipatala tsiku lomwelo.

6. Khalani tsiku limodzi pabenchi ya odwala

Ndi chilolezo cha inchaji, fikani nthawi imene odwala amafika, mbandakucha. Lembani nthawi imene chitseko chatsegulidwa, ndipo mutsatire anthu angapo kuti muone maola amene atha kuchokera pageti mpaka pawindo la famase. Potuluka afunseni funso limodzi: "Mankhwala awa akuti mumwe bwanji?" Wolandira LA ayenera kudziwa kuti ndi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amalize ngakhale thupi litazizira. Akapanda kudziwa, vuto lili pa mphindi imodzi ija ya pawindo. Ngati dera lanu lili ndi kliniki ya m'mudzi, kumene HSA amathandiza ana osakwana zaka zisanu m'madera akutali ndi chipatala, onani ngati m'bokosi mwake muli LA, ORS, zinki ndi amoxicillin, komanso ngati akuwerenga mpweya wa mwana wotsokomola kwa mphindi yathunthu: 50 kapena kuposa kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ndi chizindikiro cha chibayo.

Musachoke musanamve mbali ya ogwira ntchito. Afunseni anamwino kuti aona anthu angati lero, madzi ndi magetsi zinalipo, ambulansi imatenga nthawi yotani. Boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu chakechake, district hospital, ngati maboma ena, choncho wodwala wovuta amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Gulupu, ndipo katundu wotsala yense amagwera zipatala zazing'onozi. Namwino amene anakalipira mayi uja mwina anali yekha usiku wonse kuchipinda chochirira. Zimenezi sizifufuta kulakwa kwake, koma zimakuuzani kumene mankhwala a vutolo ali.

7. Bweretsani zonse pabwalo, koma pasakhale pa mlandu

Njira imene ndimailimbikitsa inabadwira kuno kwathu: Community Score Card, imene bungwe la CARE Malawi linayambitsa mu 2002 ndipo pano ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Anthu a m'dera amakhala m'magulu, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, n'kupereka malikisi pa zinthu monga kulandiridwa bwino, kupezeka kwa mankhwala ndi kusunga chinsinsi, limodzi ndi chifukwa cha malikisiwo. Ogwira ntchito pachipatala nawonso amadzipatsa malikisi paokha. Kenako mbali ziwirizi zimakumana. Kuwalekanitsa poyamba n'kofunika, chifukwa mtsikana wa zaka 17 sanganene za kulera amalume ake ndi amfumu atakhala kutsogolo.

Pa tsiku lokumana, wotsogolera akhale munthu amene mbali zonse zimamukhulupirira. Lamulo likhale loti dzina la munthu silitchulidwa. Tikukamba za mzere, za buku lonyowa, za windo la famase. Amene ali ndi dandaulo lenileni pa wogwira ntchito wina alipititse kwa komiti ya chipatala kapena kwa ombudsman wa chipatala, yemwe amalandira madandaulo a odwala, mwachinsinsi. Yambani ndi zimene zikuyenda bwino, ndipo zikhale zoona. Ndaonapo msonkhano wotere ukusanduka bwalo la milandu, a chipatala n'kutseka pakamwa, ndipo chaka chotsatira kaundula sanatsegukenso kwa komiti imeneyo. Zolephera za pulogalamu yanu muzinene inu nomwe poyamba, anthu asanakuuzeni. Ngakhale kwa amene amakupatsani ndalama, lembani zimene mwapeza mmene zilili.

8. Sinthani chinthu chimodzi kapena ziwiri, mubwerenso pakatha miyezi itatu

Pamsonkhano womwewo gwirizanani zochita zochepa zimene zili m'manja mwanu, chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. Zimene ndaona zikuthandiza nthawi zambiri sizidya ndalama. Mayi wobwera ndi buku lowonongeka kapena lotayika athandizidwe kaye, za buku zikambidwe pambali. Tsiku lobweranso linenedwe pakamwa, mayi alibwereze, osangolilemba. Sikelo ya m'dera isagundane ndi tsiku la msika. Pogawa mankhwala a klorini, wolandira athire yekha m'ndowa yake pamaso pa HSA, amve muyezo wake, ndipo adziwe kuti adikire mphindi 30 asanamwe. Pogawa neti, wodzipereka apite ndi chingwe ndi misomali, aimangirire limodzi ndi eni nyumba. Zofunika khonsolo kapena DHO, monga kuchepa kwa anamwino kapena mjigo wakufa, zilembedwe kalata yodutsa ku komiti ya chipatala ndi ADC, komiti ya chitukuko ya dera, ndipo kope lake musunge.

Mgwirizanowo ulembedwe pa pepala lalikulu m'Chichewa, upachikidwe pakhoma la chipatala pamene odikira pamzere angawerenge, tsiku lobwereranso lili pansi pake. Mabanja amene munawayendera muwauzenso zimene zatuluka, kudzera kwa HSA kapena pamsonkhano wa mudzi. Ambiri amadandaula kuti alendo amabwera ndi mafunso koma sabweranso ndi yankho.

Tsikulo likakwana, gwiritsani ntchito mafunso omwe aja osasintha ngakhale liwu limodzi, zunguzaninso botolo kuti nyumba zikhale zatsopano, ndipo muwerengenso masamu a osiyira panjira a miyezi itatuyo. Kwa mabanja a osiyira panjira amene munawatsata ndi HSA paja, mupempheni atsegule kaundula aone ngati anawo anabwera. Amene sanabwerebe, konzani naye tsiku loti mukakhalenso nawo pakhonde.